Nyumba Yoyandama ya Mkamwini

Ndisanayambe, nditchule kaye mboni zanga, chifukwa ena m'kalabu muno mumati ndikamayankhula ndimathira mchere wambiri. Mboni yoyamba ndi a Gwazayani, atsibweni ake a mkazi wanga, amene atsamira mtengo wa mango apo akunamizira tulo. Yachiwiri ndi a Tembo angolo. Ng'ombe zawo zinaona zonse, ndipo ina mpaka lero ikaona chithaphwi imayenda chobwerera m'mbuyo. Yachitatu ndi mayi akunyumba, Nambewe, amene akana kubwera, ati nkhaniyi anaimva kale ikuchitika. Pamene ndiname, mmodzi mwa amenewa aimirire. Mukaona akhala chete, dziwani kuti n'zoona.

Ine ndine Layisoni, mlimi wa fodya mnzanu. Mwandipempha kuti ndiyankhule mabelo anu asanapite ku okushoni, ndalama zisanalowe m'thumba n'kuyamba kukunong'onezani. Ine zinandinong'oneza, ndipo ndinamvera. Ndinagula boti. Inde, kuno kwa Santhe, kumene mwezi wa Okutobala nkhuku imawoloka mtsinje osanyowa zikhadabo. Boti limenelo linatsala pang'ono kundidyera banja.

Kuti mumvetse misala yangayo, dziwani kuti kwathu n'kwa Lukwa, kuno ndine mkamwini. Nyumba ndinamanga ndine, njerwa ndinaumba ndine, koma dothi la njerwazo n'lakuchikazi. Munda ndimalima ndine, koma ndi wa a Mbewe, akwawo kwa mkazi wanga. Ngakhale mpapaya umene ndinadzala ndi manja angawa, anthu amati mapapaya a kwa Nambewe. A Gwazayani si munthu wankhanza ayi, nthenda yawo ndi nthabwala. Akandipeza padenga ndikukhoma malata ankati, "Akamwini, musakhomere kwambiri, mudzavutika pozula." Pamaliro, paukwati, paliponse pali anthu, ankati, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka." Anthu kuseka, ine kuseka nawo, koma nthabwalazo ndikuzimeza ngati chitedze.

Chaka china, makuponi a feteleza atangoyamba kuzolowereka, fodya anandiyanja. Masamba ake anali aakulu moti limodzi tinafolera bafa, afunseni a Tembo. Nthawi yomweyo esiteti yakale ija ya kumunsi kwa dambo inkagulitsa katundu wake. Ine ndinapitako kukagula jeke yodindira mabelo, kuti ndileke kubwereka. Ndikudikira kapitawo, maso anagwera padamu. Panali boti limene mwini esiteti ankapumuliramo Lamlungu. Si bwato la asodzi ayi. Linali ndi chipinda, bedi, zenera la nsalu, ndi chitseko cha kiyi.

Kapitawo anandiona ndikumeza malovu. Anati, "Imeneyo ndi nyumba, bwana. Yangosowa maziko basi."

Ndinafunsa kuti, "Nanga malo yakhalapowo ndi a yani?"

Anati, "Madzi alibe mwini."

Abale anga, mawu amenewo anandilowa ngati jekeseni. Nyumba yosakhala pa dothi la munthu! Nyumba yopanda atsibweni! Jeke sindinagule.

Nditafika kunyumba Nambewe anafunsa kuti jeke ili kuti. Ndinati ndagula chinthu choposa jeke, ndagula nyumba.

"Ili kuti?"

"Pamadzi."

Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu, kenaka anati, "Bambo a Tiyanjane, inu mumadziwa kusambira?"

Funso limenelo sindinaliyankhe mpaka lero.

Masiku oyamba anali a ulemerero, ndisaname. Anthu anandipatsa dzina loti Kaputeni. Aphunzitsi ankabwera Loweruka, azaumoyo ankabwera, anthu amene kale sankandipatsa ngakhale moni ankandiitana kuti achimwene. Mowa wogula ine. Damulo ndi laling'ono, mukulidziwa: ukaliza injini, usanamalize kunena kuti "tanyamuka," wagunda kale tsidya. Komabe tinkapita n'kubwera, kupita n'kubwera, akazi ochapa m'mphepete akutikupizira manja maulendo onse. Injiniyo inkamwa petulo ngakhale itazima. Ine ndinaimvapo ikumeza.

Mwezi usanathe kapitawo anabwera. Anati madzi alibedi mwini, koma khoma logwira madziwo lili ndi mwini wake, ndiye ndizilipira mwezi ndi mwezi. Akuba anatenga batire, ndinalemba mlonda. Mlonda ankafuna malipiro, ndipo ankalonda ali pabedi langa, atafunda bulangeti langa. Pansi panayamba kulowa madzi, ndinagula phula. Injini inayamba kutsokomola, makaniko wochokera kuboma anafuna ya basi, ya chakudya, ndi ya kuyang'ana chabe. Chiswe chinapeza chingwe chomangira boti n'kuchisandutsa mlatho. Ena amati chiswe sichiwoloka madzi. Changa chinkawoloka pamzere, chachikulu patsogolo, ngati anthu opita ku misa. Achule anagawana chipinda ndi mlonda. Udzudzu wa padamu paja unanyamula neti yonse n'kukaiyanika pamtengo kuti usavutike mawa lake.

Ndalama za fodya zinatha dzuwa lisanayambe kutentha. Ndinapita kwa akatapila. Katapila mumamudziwa, amakula iwe uli m'tulo.

Apa tsopano ndileke kaye kuseka, chifukwa ndafika pa chimene chinandigwetsa. Nthawi ya makuponi inakwana, mayina anaitanidwa pabwalo, ndipo makuponi a banja lathu ndinalandira ndine monga bambo wa pakhomo. Kuseri kwa depoti kunali anthu ogula makuponi. Ndinagulitsa. Ndinagula phula wina ndi penti yobiriwira. Kwa Nambewe ndinati mzere unali wautali, feteleza watha ine ndisanafike pazenera. Anakhulupirira, chifukwa zoterozo zinkachitikadi.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho, ndiye ndinalibe pobisala. Minda ya anzathu inali bii, wathu wachikasu ngati wodwala. Chimanga chinafika m'mawondo n'kuona kuti chakula mokwanira. Nkhuku inkajompha chitsononkho itakhala pansi. Februwale atafika, ana ankadya madeya, Tiyanjane analeka sukulu chifukwa ankachita chizungulire panjira. Nambewe anayamba maganyu. Tsiku lina anakabandira m'munda wa munthu wina wa mudzi woyandikana nafe, chimanga chake chotalika kuposa munthu. Mkazi wa mwini munda uja, pomupatsa ufa wa malipiro, anamuthokoza ndi mtima wonse. Anati, "Mukawathokoze amuna anu, makuponi awo aja atithandiza kwabasi. Onani mmene chakhalira."

Mkazi wanga anabandira feteleza wake yemwe m'munda wa eni, kuti apatsidwe ufa wa m'mbale.

Atabwera sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anangoika mbale ya ufa ija patsogolo panga n'kunena kuti, "Akuti zikomo." Ine m'malo mogwada pansi, ndinadzitukumula. Ndinapinda mphasa n'kunena kuti, "Pajatu ine ndili ndi nyumba yangayanga." Ndinasamukira m'boti.

Zotsatira zake ndizidumpha msanga, chifukwa ambiri mwa inu munandiona. Fodya wa chaka chimenecho anali wopyapyala moti unkatha kuona nkhope ya munthu kuseri kwa tsamba. Tindalama take tinapita kwa akatapila, osakwana. Anzanga a Loweruka anasowa. Mlonda anachoka, anatenga nsalu ya pazenera ngati malipiro. Kapitawo ndinalephera kumulipira, ndiye ndinakankha boti ndi nsungwi kuchoka kukhoma kozama kuja, n'kukalimangirira kumtunda, kumene dambo limathirira m'damu. M'menemo ndinkakhala ndekha ndi kachasu. Tsitsi linakula, ndevu zinakula, ana ochapa ankandithawa. Ankhoswe anatumiza mawu akuti mvula yoyamba ikandipeza ndikadali m'boti, banja latha, Nambewe akhale mfulu. Ndinayankha kuti Kaputeni sasiya chombo chake. Mowa umenewo.

Ndiye kunacha tsiku lina mu Okutobala. Nditadzuka ndinaona kuti nyumba sikugwedezeka. Ndinaganiza kuti mwina mowa wandichokera, chinthu chimene chinali chisanachitike kwa nthawi yaitali. Kenaka ndinamva khasu: kho, kho, kho. Khasu pamadzi? Ndinatsekula chitseko.

Madzi kunalibe. Anali atathawira kutali kukhoma, akung'anima ngati ndalama ya mwini. Boti langa linali litakhala pamatope ong'aluka, litapendekera mbali imodzi ngati ng'ombe yodwala. Ndipo pansi penipeni pa zenera langa panali a Gwazayani, atapinda buluku, akukonza mabedi a nazale ya fodya.

"Odi kunyumbako, akamwini! Mwadzuka bwanji?"

"Ndadzuka, apongozi. Kaya inu."

"Ifenso tadzuka. Tatisunthirani pang'ono nyumbayi, ikutchinga mzere."

Ndinati, "Apongozi, pano ndi padamu."

Anaika khasu pansi. "Pano ndi padimba la amayi anga. Esiteti isanatseke madzi, tinkalima pano mpiru ndi nzimbe. Chaka chilichonse madzi akaphwa timabwerera. Simunkationa chifukwa munali kukhoma uko ndi aphunzitsi anu."

"Ndiye kuti..."

"Ndiye kuti mwagona pa dothi lathu. Mlamba ukathawira m'madzi sitiuthamangitsa. Timangodikira Okutobala."

Anayamba kuseka. Ine ndinayesa kuseka nawo monga mwa masiku onse, koma chimene chinatuluka si phwete. Ndinakhala pansi pakhomo la boti, miyendo ili lende, n'kuyamba kulira. Munthu wamkulu, wa ndevu, kulira ngati mwana wotayika pamsika. Ndinali nditawononga fodya wa chaka chabwino, nditagulitsa chakudya cha ana anga, kuti ndipeze malo otambasulapo mphasa pamene wina sangati ndi pake. Ndipo malowo anali a a Mbewe.

A Gwazayani analeka kuseka. Anatembenuza chitini chothirira n'kukhalapo. Anakanda matope ndi chala chakuphazi. Kenaka anayankhula ndi mawu amene ndinali ndisanawamvepo.

"Akamwini, ine ndinakhalapo mkamwini kwa eni, mpaka mkazi wanga woyamba atamwalira. Nthabwala zonse zija anandinena nazo ine. Ndinkayesa ndi fodya wamphuno amene amuna timapatsirana. Sindinkadziwa kuti inu mukumeza."

Maso anga anali ataona munthu akubwera pamatope, chitini pamutu, china m'manja. Kuyenda kwake ndimakudziwa ngakhale pakati pa msika. Anali Nambewe, kudzathirira nazale ya atsibweni ake. Anali atawonda. Anatula zitini, anayang'ana boti, penti yobiriwira ija ikusupuka, kenaka anayang'ana ine.

"Bambo a Tiyanjane."

"Ee."

"M'mudzi muja anakuitanani ndi atsibweni kapena ine?"

"Ndinu."

"Ine ndinakuuzanipo kuti muzipita?"

"Ayi."

"Dothi n'lathu, sindikana. Koma ana anu akamati kwathu, saloza dothi. Amaloza nyumba imene munamanga inu. Mwana wamng'ono uja amagona ndi malaya anu akale. Inu muli kuno mukulondera achule."

Ndinatsika m'boti. Phazi linalowa m'matope mpaka m'bondo, ndiye kugwada kunachitika kokha. Ndinati andikhululukire, ndibwerere kunyumba lero lomwe.

Anati, "Kumudzi bwererani, mvula isakupezeni kuno. Koma m'nyumba ayi. Munatulutsa matumba a feteleza pakhomo paja. Tsiku limene adzalowenso, ogula ndi ndalama yanu, inunso mudzalowa. Pakali pano chigafa chilibe fodya. Muzigona m'menemo."

Choncho Kaputeni anasamukira m'chigafa.

Tsopano ndikuuzeni mmene ndinatulukira m'dzenje, kuti wina amene ali m'mphepete mwake amve. Choyamba chinali chowawa kuposa zonse: ndinakhala pamaso pa ankhoswe ndi mkazi wanga n'kutchula aliyense amene ankandifuna, osabisako ngakhale mayi wa kachasu. Ngongole yobisa imanenepa. Makuponi a chaka chimenecho analandira ndi Nambewe, n'kuwamanga pansonga ya chitenje, ndipo ndinawaonera patali ngati mwezi. Kachasu ndinamusiya, osati chifukwa cha mphamvu zanga, koma chifukwa chigafa chilibe zipupa, ndipo mudzi wonse unkaona chilichonse chopita kukamwa kwanga.

Kenaka kugulitsa boti. Apa mverani bwino. Musadikire mtengo umene munagulira. Chinthu chimene chimadya inu muli m'tulo, koma sichibereka, sichiikira mazira, sichikoka ngolo, chimenecho si chuma, ndi mlendo wosatsanzika. Ngakhale mutachipereka chotchipa, tsiku limene chachoka mwayamba kale kupindula.

Koma kugulitsa boti ku Kasungu si masewera. Wina anafuna kulisandutsa khola la nkhunda. Akumpingo wina anafunsa ngati muli matabwa okwanira mabenchi. Injini anagula mphunzitsi wina wopuma, ati aisandutsa pampu ya kudimba, ndipo ndikumva kuti akuyesabe. Ndalama imeneyo inatseka pakamwa pa akatapila. Linatsala boti lenilenilo.

Tsiku la msika ndinapita kwa a Mwenda, bambo wa ku Nkhotakota amene amabweretsa usipa kuno. Nditawafotokozera anandiyang'ana ngati ndawauza kuti ndikugulitsa ng'ona.

"Boti? Kuno? Linabwera ndi mphepo?"

"Tiyeni mukalione."

Analizungulira, analigogoda, analinunkhiza. Anati pansi pake pakhoza kukonzeka, mlamu wawo ali ndi malo ogona alendo kunyanja angalifune. Tinagwirizana mtengo umene sunafike ngakhale pa theka la theka. Kenaka anati, "Koma ndalama ndilibe pano, achimwene. Ndilitenge, mlamu akalipira ndibwera nayo mvula isanagwe."

A Gwazayani anandikoka pambali. "Akamwini, munthu wa usipa akalonjeza mawa, funsani kuti mawa la chaka chiti." Koma kapitawo anali atayambanso kuzungulira, ndipo madzi akanabwerera, ngongole ikanabwerera nawo. Ndinavomera.

Kulitulutsa m'matope inali ntchito ya a Tembo. Anamanga ng'ombe zawo zonse, anabwerekanso za mphwawo, mudzi wonse ukukankha kumbuyo, amayi akuimba ngati tikukoka mtengo wa mlatho. Boti litazuka, pansi pake panatuluka milamba yambiri moti mudzi unadya ndiwo mpaka agalu anayamba kukana. A Gwazayani ananyamula waukulu kwambiri n'kutsekula pakamwa kuti anene kanthu. Anandiyang'ana, n'kutsekanso. Lole inanyamula nyumba yanga, ndipo ndinaiona ikulowera kum'mawa pakati pa minda, ana akuithamangira, anthu apanjinga akugwera m'ngalande chifukwa chocheuka.

Mvula inagwa. A Mwenda sanabwere.

Boti linkadontha pansi, chigafa chinkadontha pamwamba ndi m'mbali monse. Ndinkagona chokhala, thumba kumutu. Mbuzi zinkabwera kudzausa mvula, ndipo ina inandizolowera moti inkandidzutsa nthawi yopita kumunda. M'mawa ndinkalima munda wathu limodzi ndi Nambewe, mzere wake, mzere wanga, osayankhulana zambiri. Masana ndinkapita kuganyu. Chakudya ankanditumizira, mbale yovindikira bwino, koma chitseko chinali chotseka. Tsiku la msika lililonse ndinkapita pamalo a usipa. Kunkakhala ena, a Mwenda ayi. Anthu ankati, "Kaputeni, chombo chafika?" Ena ankati anaona pa chithunzi boti langa lili kunyanja, likunyamula alendo, a Mwenda atavala chipewa choyera. Kangapo konse mapazi anandifikitsa pafupi ndi nyumba ya mayi wa kachasu. Chimene chinkandibweza ndi mbale ya ufa ija. Ndinkaimva ikuti, "Akuti zikomo."

Khirisimasi inadutsa. Feteleza wa makuponi anakwanira wokulitsa, koma munda wonse sakanaukwanira pobereketsa, ndipo chimanga chakumunsi chinayamba kuonetsa chikasu chija ndimachidziwa. Fodya naye anali atakula, masamba apansi akuyamba kupsa. A Gwazayani anabwera m'chigafa, osaseka, n'kunena kuti, "Akamwini, sabata yamawa tiyamba kuthyola. Muno mulowa fodya. Mwana wa mlongo wanga uja mumamudziwa, mawu ake sabweza. Kaya muganiza bwanji." Ndinayamba kuganiza zobwerera kwa Lukwa, kwa alongo anga, ndi mphasa yokha.

Linali Lachitatu m'mawa, tili kumunda tikubandira, pamene ndinaona amphaka. Amphaka a mudzi wonse, pamzere, michira m'mwamba, akutsata njinga ya kabaza. Pambuyo pa njingayo panakhala a Mwenda, mwendo wina uli wokulunga nsanza. Anati lole inawagwetsa pobwerera, agona m'chipatala nthawi yonseyi, ndipo atangotha kuponda pansi anyamuka. Anapisa dzanja m'malaya n'kutulutsa kajumbo kakuda. Ndalamazo zinali zitagona ndi usipa nthawi yaitali moti munthu ukanatha kuziwiritsa n'kudyera. A Tembo analipo, amphaka anawaona.

Sindinatsekule kajumboko. Ndinapukuta manja pabuluku, ndinayenda kudutsa mizere, n'kukapereka kwa Nambewe ndi manja awiri. Iye anasuzumiramo, anakwinya mphuno, kenaka anaitana a Tembo kuti amange ngolo, tikagule matumba a feteleza aja dzuwa lisanapendeke, ndipo iyenso akwera nawo chifukwa za kuseri kwa depoti akuzidziwa. Atanyamula khasu lake paphewa anatembenuka.

"Bambo a Tiyanjane, mphasa yanu ija kaichotseni m'chigafa, itchinga fodya. Mukalowa nayo m'nyumba muikung'unthe kaye, ikununkha mbuzi."